Wolondola Mapazi ndi Woloza Chala

 Nkhani imene ndanyamula lero, ena mwa inu akangoimva adzapukusa mutu, nadzati mumtima mwawo: kodi munthu wa imvi wasowa chokamba, kuti atisonkhanitse pa dzuwa la chigwa chino cha Luangwa kudzatiuza za mabuku a mbanda? Pakuti ndifuna kukamba za nthano zija zolembedwa, zimene azungu amazikonda koposa, m'mene munthu mmodzi wouma mtima amapha anzake mobisika, lero uyu, mwezi wamawa uyo, ndipo wapolisi wofufuza, amene ambiri timati tekitivi, amamulondola usana ndi usiku kufikira atamugwira. Koma wodabwayo akumbuke kuti Buku Lopatulika lomwe, lisanapite patali, pa mutu wachinayi wa Genesis, laika kale pamaso pathu mtembo m'munda, mbale wokana mlandu, ndi Wofunsa amene sanyengeka. Akumbukenso kuti makolo athu, amene pepala sanalidziwe, ankasimba madzulo za Gwenembe amene anapha mbale wake Sikusinja panjira chifukwa cha chuma, ndi za kambalame kamene kanamutsata ndi nyimbo mpaka kumudzi, nthano imene a John Gwengwe anaiika m'buku. Nkhaniyi tsono ndi yathu kuyambira kale. Chimene chadza ndi alendo ndi kalembedwe kake.

Odziwa mbiri ya mabuku amati nthano yoyamba ya wofufuza milandu inalembedwa ndi Edgar Allan Poe wa ku America m'chaka cha 1841, ndipo dzina lake ndi The Murders in the Rue Morgue. Mumzinda wa Paris, mayi ndi mwana wake wamkazi apezeka ataphedwa mwankhanza, chipinda chawo chili chokhoma m'kati. Anthu amene anamva phokoso atsutsana za chilankhulo cha wakuphayo, aliyense akutchula chilankhulo chimene iye mwini sachimva; ndipo apolisi, posowa pogwira, amanga kalaliki wa ku banki amene sanalakwe kanthu. Koma munthu wina wofatsa, dzina lake Dupin, ayang'anitsitsa ubweya umene unatsalira m'dzanja la mayiyo, ayesa kukula kwa zala zimene zinasiya zipsera pakhosi pa mtsikanayo, nazindikira kuti wakuphayo sanali munthu konse, koma nyani wamkulu wochokera ku zilumba za kum'mawa, amene anapulumuka m'manja mwa mbuye wake. Taonani kuti m'nthano yoyambayo muli kale zinthu ziwiri zimene ife a kuno tizidziwa bwino: chilombo chakupha anthu, ndi munthu wosalakwa amene anthu amuloza chala chifukwa cha mantha.

Pambuyo pake, m'chaka cha 1887, dokotala wina wa ku Scotland, Arthur Conan Doyle, anabala Sherlock Holmes, amene mbiri yake inafika ponseponse. Ndipo chaka chotsatira, 1888, anthu a ku London anaona ndi maso chimene ankayesa nthano, pamene akazi osauka a ku Whitechapel anayamba kuphedwa mmodzimmodzi usiku, ndi munthu amene kufikira lero sanadziwike. Kuchokera pamenepo mabuku a wakupha wobwerezabwereza anachuluka. Mwa onsewo nditchulapo la Agatha Christie la 1936, The ABC Murders, m'mene wambanda apha anthu motsata zilembo za alifabeti kuti apolisi amuyese wamisala, pamene chenicheni chinali chakuti anafuna imfa ya munthu mmodzi yekha, mbale wake wachuma, naibisa pakati pa imfa za ena.

Tsono funso langa nali: kodi Holmes ameneyu, amene ana a sukulu a maiko onse amamutama, luso lake ndi lotani? Amagwada pansi, nayang'ana matope a pa nsapato, phulusa la fodya, kutalika kwa mphondero ya munthu, nanena za munthu amene sanamuonepo. Ine ndinena mosaopa kuti luso limeneli ndi la mlenje, ndipo kuno ku Luangwa kuli amuna amene Holmes akadayenda nawo tsiku limodzi akadakhala chete ndi kuphunzira. Tsatani mkulu wa agemu m'mawa, mame asanaume, pa mchenga wa Lupande. Aima pa phazi limodzi, osalankhula. Aona kuti zikhadabo sizinalembe pansi, ndipo chidendene chili ndi timabwampu titatu kumbuyo. Pamenepo adziwa kuti ndi mkango, pakuti fisi amasiya zikhadabo, ndipo timabwampu take ndi tiwiri. Aona kuti m'mphepete mwa phazilo mchenga ukali chilili, sunagumukire m'kati, ndiye kuti mphepo ya dzulo masana sinalipeze. Aonanso kuti nkhanga yaponda pamwamba pake, ndipo popeza nkhanga imatsika mumtengo kukamacha, mkangowo unadutsa usiku womwewu kusanayere. Kenaka atukula mutu, amvera kumene anyani akukuwa, ayang'ana kumene miimba ikuzungulira, nakuuzani osakweza mawu kuti mwini phaziyu ali kutsidya kwa kadambo ako, ndipo wakhuta. Sanaombeze ula, sanalote, sanafunse mzimu. Wawerenga dothi monga inu muwerenga buku, ndipo mukamutsutsa adzakutengani kukakuonetsani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo kudekha kumeneko ndiko chuma chonse cha wofufuza.

Ife amene tinali akulu kale m'chaka cha 1991 sitisowa buku kuti tidziwe mantha a mudzi umene anthu ake akutha mmodzimmodzi. M'miyezi ya chilimwe cha chaka chimenecho, m'midzi ya kufupi ndi Mfuwe, mkango unagwira ndi kudya anthu osachepera asanu ndi mmodzi. Amayi anaopa kukatunga madzi, ana anatsekeredwa m'nyumba dzuwa lisanalowe, ndipo ngakhale agemu anaombera mikango ina imene anaiganizira, maliro sanaleke. Chimene chinasungunula mitima koposa chinachitika m'mudzi wa Ngozo: mkangowo, utapha mayi wina, unabweranso dzuwa likuswa mtengo, nulowa m'nyumba ya malemuyo, nutulukamo utaluma thumba loyera la zovala, nuyenda nalo pakati pa mudzi ukubangula, anthu akuona. Masiku otsatira unaonekanso kumtsinje ukusewera ndi thumbalo. Ndani mwa ife, ataona zotere, sakadanena kuti ichi si chilombo wamba? Mkango wake unalinso wamphongo koma wopanda manyenje, waukulu modabwitsa. Mawu anayenda m'midzi akuti ndi chiwanda, kapena mkango wotumidwa, kapena munthu amene wasanduka. Ndipo inu mudziwa bwino kuti mawu otere akayamba kuyenda, sakhalitsa osapeza khomo la nkhalamba ina poti aimepo.

Mapeto ake muwadziwa. Mlenje wina wa ku America, Wayne Hosek, pamodzi ndi mlenje waukatswiri Charl Beukes ndi olondola mapazi a kuno, anaika nyambo, nabisala usiku ndi usiku kwa masabata, pakuti mkangowo unali wochenjera, unkazungulira pobisalira pawo osayandikira nyamboyo. Ndipo m'mwezi wa September 1991 anauombera. Chipolopolo chinalowa monga chilowera m'nyama ina iliyonse. Utali wake unapitirira mamita 3, ndipo lero waimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Field Museum mumzinda wa Chicago, momwe mulinso mikango iwiri ija ya ku Tsavo imene inadya omanga njanji ku Kenya m'chaka cha 1898. Dziko lidziwa dzina la amene anakoka mfuti. Mayina a amene anagwada pamchenga kuwerenga mapazi, owadziwa ndi ochepa, ndipo ichi chimandiwawa. Koma chimene ndifuna muchisunge ndi ichi. Patapita zaka 26, m'chaka cha 2017, akatswiri awiri, Larisa DeSantis ndi Bruce Patterson, anafalitsa zimene anapeza atapima mano ndi zibwano za mikango yodya anthuyi. Wa ku Mfuwe unali ndi chibwano chovulala kwambiri, ndipo mano ake anaonetsa kuti masiku ake omaliza unkadya nyama yofewa, osaswa mafupa. Mkango wa chibwano chotere kugwira njati pakhosi n'kovuta. Munthu wopita kumadzi alibe nyanga, alibe liwiro, alibe chikopa cholimba. Funso limene linasowetsa tulo midzi yathu linali ndi yankho lake m'kamwa mwa chilombocho, ndipo linadikira munthu wodekha kuti akaliwerenge. Mlandu suola.

Paliponse pamene imfa zibwerezabwereza pamadzuka anthu a mitundu iwiri. Wina amalondola mapazi, ndipo ntchito yake ndi yochedwa, yotopetsa, yosasangalatsa khamu. Mnzake amaloza chala, ndipo yake ndi yachangu, pakuti mtima wa wofedwa sufuna kudikira. Dziko lino linaona kale kumene njira yachiwiriyi imafikitsa. M'chaka cha 1925, Tomo Nyirenda wa ku Nyasaland, amene anadzitcha Mwana Lesa, anafika pakati pa Alala kudera la Mkushi, kuseri kwa mapiri a kumadzulo kwa chigwa chino, nanena kuti iye adziwa mfiti poibatiza mumtsinje. Mfumu Shaiwila inamulandira, anthu anakondwa kuti wabwera wochotsa imfa m'midzi. Ndipo iye anamiza m'madzi amene anawatcha mfiti, kuno ndi ku Congo komwe, kufikira ophedwa anapitirira 100. Iye ndi mfumuyo ananyongedwa m'chaka cha 1926. Wosaka ambanda ndiye anasanduka wambanda woposa onse, ndipo anapha anthu akumuombera m'manja. Lamulo la dziko lino kufikira lero limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ngakhale ambiri amaliona ngati lamulo la azungu losadziwa za kumudzi.

Musayese kuti kuloza chala ndi nthenda ya anthu osaphunzira okha. Maboma nawonso amaidwala. Kwa abale athu ku Malawi, kuyambira 1968 mpaka 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena ozungulira Blantyre. Mphekesera zinabuka zakuti boma lomwe likukhetsa mwazi wa anthu kuti likabwezere ngongole ku South Africa, ndipo anthu anazikhulupirira, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Amuna amene anayamba kuimbidwa mlandu, woweruza wa khoti lalikulu anapeza kuti umboni wowatsutsa ndi wosakwanira. Mtsogoleri wa dzikolo, Dr Banda, anapsa mtima. Lamulo linasinthidwa kuti milandu yakupha izizengedwa m'makhoti a mafumu, m'mene woimbidwa mlandu sankaloledwa loya, ndipo oweruza achingerezi a khoti lalikulu anatula pansi udindo. Nduna ina ya boma, Gomile Kumtumanji, imene mphekesera zinaitchula, inamangidwa, niferatu m'ndende. Koma amene anapezeka kuti dzanja lake linalidi pa imfazo, Walla Laini Kawisa, anagwidwa m'chaka cha 1970 chifukwa cha kanthu kakang'ono kosalankhula: zidindo za zala zake zinafanana ndi zimene apolisi anapeza pofufuza. Anavomera, naweruzidwa kuti aphedwe, ngakhale ambiri mpaka lero sakhulupirira kuti anachita yekha. Wambandayo anachotsedwa, koma makhoti amene mantha anawapatsa mphamvu anakhalapo zaka zoposa 20, naweruza ndi anthu andale omwe.

Kwathu kuno nkhani zotere sizisowa. M'chaka cha 1980 mzinda wa Lusaka unagwidwa ndi mantha pamene akazi ndi atsikana 29 anaphedwa mopotoledwa khosi; woganiziridwayo, msilikali Milton Sipalo, anadziponya kuchokera padenga la polisi yaikulu ya mumzindawo mlandu usanazengedwe, napita nazo kumanda zonse zimene akadaulula. Ndipo m'chigwa cha Luano, chimene madzi ake amadzathira mu Luangwa yemweyu, abale atatu a kwa Mailoni anapha anthu ndi mikondo kuyambira 2007, nabisala m'mapiri ndi m'nkhalango zaka zisanu ndi chimodzi, anthu akuti ali ndi mankhwala osaoneka nawo, kufikira asilikali anawaombera mu June 2013. Mankhwala awo aakulu anali akuti tchirelo ankalidziwa kuposa owasaka, ndipo midzi inkaopa kulankhula.

Pano ndiyenera kunena cholakwa chimene ndimachiona m'mabuku ambiri a kunja a masiku ano, kuti ana athu angatengere ndi zonyansa zomwe. Kuyambira pamene Thomas Harris analemba The Silence of the Lambs m'chaka cha 1988, ndipo kanema wake anatuluka m'chaka cha 1991, chaka chomwecho cha mkango wathu, olemba ambiri anayamba kukometsa wambanda: amupatsa nzeru zoposa za anthu onse, kalankhulidwe kaulemu, ndi kudziwa nyimbo ndi zakudya zabwino, kotero kuti wowerenga amatseka buku akukumbukira dzina la wambanda Hannibal Lecter, koma la wophedwa ngakhale mmodzi ayi. Mitembo m'mabuku otere ili ngati zitsa za m'munda, zimene wolima angozilambalala kuti khasu lipite patsogolo. Ife sitingathe kulemba motero ndi mtima woyera, pakuti kwathu munthu safa yekha. Akafa, mudzi suyenda ku munda, adzukulu akumba manda, amayi agona pa siwa, amalume adza kuchokera ku Chipata kapena ku Migodi, ndipo pamakhala ana ofuna wowalera. Wambanda weniweni, pamene agwidwa, kawirikawiri amapezeka kuti ndi munthu wachabechabe, wamantha, amene mphamvu yake yonse inali mdima ndi kusowa chitetezo kwa amphawi. Wolemba amene amuveka ulemerero wanama, ndipo wanamiza ana.

Nanga m'chilankhulo chathu muli zotani? Akuluakulu mukumbukira a Julius Chongo, amene pa wailesi ya dziko lino, m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, ankagwira mitima ya mudzi wonse ndi mawu okha, munthu mmodzi akulankhula m'malo mwa mfumu, mkazi, fisi ndi wakuba. Iwo anatsimikiza kuti Chinyanja chikhoza kunyamula mantha, chiyembekezo ndi kuseka m'nkhani imodzi. Koma mabuku a wofufuza amene agwira wambanda ndi umboni, olembedwa m'chilankhulo chathu ndi kuchitikira m'midzi yathu, ndi osowa kwambiri, kotero kuti mwana wa ku Masumba wofuna nthano yotere amayenera kupita ku London m'maganizo, nayenda m'chifunga chimene sanachionepo. M'nthano ya Sikusinja mlandu unaululidwa ndi mbalame, ndipo nthanoyo ndi yokoma. Koma ana a lero adzakhala m'dziko la makhoti, la madokotala opima mitembo ndi la zidindo za zala, ndipo ayenera kuzolowera kufunsa kuti: waona ndani, anaona liti, anaima pati, ndipo chikutsimikiza mawu ake n'chiyani? Mwana amene wakula ndi mafunso amenewa sadzathamangira kukatentha nyumba ya agogo ake chifukwa cha loto la munthu wina.

Wofuna kulemba asavutike kubwereka tekitivi wa chipewa ndi kaliwo. Atenge mkulu wa agemu wopuma ntchito, wa maondo olobodoka koma maso akuthwa; amuphatikize ndi wapolisi wamkazi wachitsikana wotumidwa kuchokera ku Chipata, wodziwa malamulo koma wosadziwa kusiyanitsa phazi la mkango ndi la fisi; ndipo awaike m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje nthawi ya dzinja, pamene misewu yaduka, galimoto silingafike, ndipo anthu atatu afa motsatana. Mudzi unena kuti ndi mkango wotumidwa, ndipo wayamba kale kunong'ona dzina la mayi wamasiye wokhala kumapeto. Koma mkuluyo aona kuti mapazi a chilombo pa mtembo wachitatu anaponda pamwamba pa magazi ouma, ndiye kuti chilombocho chinapeza munthu atafa kale. Kuyambira pamenepo nthano yanu yaima ndi miyendo yake, ndipo mudzaona kuti mdani woyamba wa ofufuza anuwo ndi changu cha anthu abwino, wambandayo ndi wachiwiri. Wolembayo asabise kanthu kwa wowerenga: chizindikiro chilichonse chimene wofufuza waona, wowerenga achionenso, kuti pomaliza adzimenye pachifuwa nati, zinali pamaso panga. Asalole kuti loto kapena ula zithetse mlandu, ngakhale anthu a m'nthanoyo aziombeza monga amachitira anthu enieni. Ndipo ophedwawo awapatse mayina opeka, minda, ngongole, ana ndi nthabwala zawo, kuti wowerenga awalire.

Inu aphunzitsi, ntchito iyi iyambira kwa inu. M'midzi ya mafumu athu a Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama mukali amuna ndi amayi amene anaona chaka cha 1991 ndi maso awo, ndi agemu akale amene anayenda tchire lino kuyambira kalekale. Koma chaka chilichonse tikuika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene adziwa. Tumani ophunzira anu kwa iwo ndi kope ndi pensulo, atapempha chilolezo kwa anyakwawa. Akakhale pansi mwaulemu, akafunse, akalembe m'Chinyanja kapena m'Chikunda monga momwe mkuluyo walankhulira, ndipo pamene mboni ziwiri zasiyana alembe zonse ziwiri, osasankha yokoma. Akapemphenso kuti awatengere kumchenga m'mawa kukawaonetsa mapazi. Ndipo inu ana, amene mwakhala chete nthawi yonseyi pa dzuwa, musadikire kuti wa ku Chicago adzakulembereni za kwanu: yambani tchuthi chikubwerachi, ndipo chimene mwalemba mukapereke kwa aphunzitsi anu sukulu ikatsegulidwa.